Mnyamata Wonunkha Fodya Akabwera ku Kiliniki

— Amayi, anyamata a kuno ku Shimabala amabwera ndi chifuwa, malaya akununkha fodya, koma ndikawafunsa amakanitsitsa. Ine namwino watsopano ndiziwayamba bwanji?

— Umawafunsa pali ndani?

— Kawirikawiri amake amakhala pomwepo.

— Ndiye ukudabwa chiyani, mwanangu? Apemphe mayiwo ayambe adikira panja. Ukatsala naye, yamba ndi anzake: "Anzako amasuta chiyani?" Za anzake amaulula msanga, zake zimatsatira zokha. Atsikananso usawadumphe. Ena ndudu sagwira koma fodya wa nsunko ali naye m'chikwama, ndipo a shisha amati madzi aja amatsuka utsi. Bodza limenelo, chikonga chimadutsa ndithu.

— Akavomera, ndimuopseze ndi khansa?

— Mwana wa zaka 15 amati khansa ndi ya agogo. Mufunse chifukwa chake amakhala wefuwefu mpira usanafike pakati. Awerengere yekha makwacha amene amasiya pa kantemba sabata imodzi, pogula ndudu imodziimodzi. Kenako umuuze zoona: chikonga chimafika ku ubongo m'masekondi ochepa, ndipo ubongo umakulabe mpaka zaka pafupifupi 25. N'chifukwa chake woyamba ali wamng'ono amakodwa msanga.

— Nanga akati akufuna kusiya?

— Asankhe yekha tsiku, iwe ulembe pa khadi lake. Muchenjeze kuti sabata yoyamba ndiye yowawa: kupsa mtima, kusowa tulo, chibaba. Koma chibaba chikabwera sichikhalitsa, ndi mphindi zochepa chabe. Amwe madzi, achoke pamene anzake ayatsa. Umupatse tsiku loti abwerenso. Akabwera atasutanso usamukalipire, chifukwa wokalipiridwa sabwerera ku kiliniki.

— Koma amayi, ogulitsa aja bwanji? Malamulo kulibe?

— Alipo. Kugulitsa fodya kwa ana kunaletsedwa mu 1992. Mu 2008 Zambia inalowa m'pangano la WHO lolimbana ndi fodya, n'kuletsanso kusuta pamalo a anthu ambiri. Vuto n'loti mwana akati "andituma atate", wa kantemba amangopereka. Iwe si wapolisi. Koma tsiku la sikelo amayi amadzaza pabenchi, pamenepo ndiye uwauze kuti kunyumba aleke kutuma ana kukagula fodya kapena kukayatsa ndudu pa mbaula. Pa 31 May, tsiku lokana fodya padziko lonse, ukapemphe aphunzitsi aakulu akupatse mphindi zochepa ana ali pamzere m'mawa.