Ndikagulitsa Nyumba Nditsala ndi Zingati?

Kalata yoyamba lero yachokera kwa mayi wina wa ku Area 25 ku Lilongwe. Akuti: "Ndapeza wogula nyumba yanga pa K60 miliyoni, ndipo ndalama yonseyo ndikufuna ndikamangire kwathu ku Dedza. Koma mlongo wanga akuti sindiigwira yonse. Ndi zoona?"

Mayi, mlongo wanuyo sakukunamizani. Musanaumbitse njerwa ku Dedza, tengani pensulo tiwerengere limodzi.

Woyamba kutambasula dzanja ndi ejenti amene wakupezerani wogula. Tinene kuti munagwirizana kuti atenga K5 pa K100 iliyonse: pamenepo K3 miliyoni yapita kale. Ndikupempheni, mgwirizano umenewu ukhale wolemba, ndipo wogulayo mukumane naye maso ndi maso. Alipo ena amene amauza mwini nyumba mtengo wina, wogula mtengo wina, chapakaticho n'kuponya m'thumba.

Koma chimene chimaliza anthu ambiri ndi ngongole zakale. Nyumba zambiri za m'tauni zili pa malo a lizi, kawirikawiri ya zaka 99, ndipo chaka chilichonse pamakhala lendi ya malo yolipira kwa amene anakupatsani liziyo, kaya ndi Unduna wa za Malo kapena Malawi Housing Corporation. Palinso msonkho wa nyumba wa ku khonsolo, uja timati city rates. Anthu amakhala zaka ndi zaka osalipira poti palibe wabwera kudzagogoda. Tsiku lofuna chilolezo chosinthira dzina, ngongole yonse imadzuka nthawi imodzi, ndipo pepala silisuntha mpaka muimalize. Mawa lomwe pitani mukafunse kuti pa dzina lanu pali zingati. Mabilu a madzi nawo musawaiwale.

Ngati nyumbayo munakongolera nayo ku banki, banki iyamba yatenga zake isanamasule chikalata cha malo. Kenaka pali loya, pali katswiri woyeza mtengo wa nyumba, komanso chikalata cha ku bungwe lotolera misonkho la MRA chotsimikiza kuti nkhani zanu za msonkho zili bwino. Msonkho wa stamp duty kawirikawiri amalipira ndi wogula, koma lembani mu mgwirizano kuti ichi alipira ndani, icho alipira ndani, kuopa kukokanakokana ku ofesi ya loya.

Kalata ina yachokera kwa bambo amene ali pa ntchito ku Johannesburg. Akuti: "Bambo athu anatisiyira nyumba ku Chilomoni, muli alendi. Tilipo ana anayi, tikufuna kugulitsa tigawane."

Pepani ndi imfayo, achimwene. Apa ndalama imayamba kutuluka wogula asanaoneke n'komwe. Ngati chikalata chikadali m'dzina la malemu, palibe mwa inu angasaine. Pafunika kaye khoti lipereke mphamvu yoyang'anira chuma cha masiye, motsatira lamulo la chuma cha masiye la mu 2011, ndipo mayi anu ngati alipo ali ndi gawo lawo, musawadumphe. Inuyo muli kutali, ndiye musankhe: kukwera basi kubwera kudzasaina nokha, kapena kulembetsa kwa loya chikalata chopatsa m'bale wanu mphamvu yosainira m'malo mwanu. Zonse ziwiri n'zolipira. Dziwaninso kuti lamulo la msonkho limasiyanitsa nyumba imene munthu amakhalamo yekha ndi nyumba ya lendi. Pa ya lendi, phindu logulitsira likhoza kudulidwa msonkho, choncho funsani ku MRA musanalonjezane kuti aliyense alandira zakuti.

Wina wa ku Luwinga ku Mzuzu akufunsa ngati apente kaye nyumba asanaitsatse. Penti inde, ndi kutseka podontha padenga. Koma matailosi atsopano ayi. Wogula akhoza kudzawagumula, ndipo ndalamayo sibwerera.

Nthawi yatithera. Makalata otsala, kuphatikizapo ya mayi wa ku Zomba yofunsa za nyumba yomangidwa pa malo a mfumu, tiwayankha sabata yamawa.