Kugonetsa Nsomba Poziyeza: Phunziro la ku Blesbokspruit

Dambo la Blesbokspruit, pafupi ndi Springs ku Ekurhuleni m'dziko la South Africa, lidalowa m'kaundula wa Ramsar m'chaka cha 1986. Mu 1996 lidaikidwa m'gulu la madambo amene ali pangozi chifukwa cha madzi amchere ochokera mu mgodi wa golide.

Ofufuza amagwira nsomba pozikomola ndi magetsi kuti aziwerenge. Koma madzi akachuluka mchere, magetsi amangodutsa m'madzimo osalowa mokwanira m'thupi la nsomba. Milamba yambiri imathawa, ndipo kalembera sakhala woona. Choncho mlangizi ayenera kuyeza mchere asanayatse makina. Ukachuluka, aonjezepo kugwiritsa ntchito maukonde.

Nsomba zogwidwazo zigonetsedwe zisanayezedwe kuti zisavulale. Gawo limodzi la mafuta a clove lisungunulidwe m'magawo 9 a ethanol, kenaka athire mamiligalamu 40 mpaka 60 a mafutawo pa lita imodzi ya madzi. Nsomba ikagona chammbali koma ikupumabe, iyezedwe msanga ndi kuikidwa m'madzi oyera okhala ndi mpweya wokwanira.

Nsomba zogonetsedwa ndi MS-222 zisadyedwe mpaka patapita masiku 21.