Tsekani buku, jambulani: mafunso a ekisiperimenti pa Leaving Cert

Makolo amene tidalemba MSCE timakumbukira tsiku la pulakitiko, mwana ataima pa benchi ya m'labu, zipangizo zili patsogolo pake. Pa Leaving Certificate muno mu Dublin palibe tsiku lotero. Ekisiperimenti mumachitira kusukulu m'kati mwa chaka, koma mu June imabwera pa pepala, ndipo chimene mudachita ndi manja muyenera kuchijambula ndi kuchifotokoza kuchokera m'mutu. Silabasi yakale ili ndi ma ekisiperimenti 22 a Biology, 28 a Chemistry ndi 24 a Physics kwa olemba higher level. Amene adalowa fifth year mu September 2025 ali pa silabasi yatsopano, yomwe mayeso ake oyamba ndi a 2027, ndipo malikisi 40 pa 100 alionse ndi a kafukufuku wochita mwana yekha. Funsani aphunzitsi kuti inu muli pa iti.

Zokonzekera n'zochepa. Mapepala akale ndi ma marking scheme ake alipo aulere pa examinations.ie, tsamba la State Examinations Commission (SEC). Buku losindikizidwa la mapepala omwewo silingapitirire kwenikweni €10, ndipo pensulo, rula ndi mapepala a galafu ndi ndalama ngati yomweyo. Ma grinds, maphunziro apadera olipira, ndi pafupifupi €30 mpaka €50 pa ola. Ndaona makolo akugwira mashifiti a usiku kuti alipire ndalama imeneyi, mwana n'kumangokhala phee kuonerera wina akujambula pa bolodi.

Apo ndiye pagona vuto. Ana ambiri amawerenga chithunzi ndi maso okha. Amatsegula buku, n'kuyang'ana chithunzi cha mtima, n'kugwedeza mutu kuti "ichi ndikuchidziwa", n'kupaka highlighter yachikasu. Kuzindikira chinthu ukachiona n'kosavuta. Mayeso amafuna kuti uchitulutse pa pepala loyera.

Tsono chitani izi. Sankhani ekisiperimenti imodzi, werengani kamodzi, tsekani buku ndi kuliika kutali. Foninso kutali. Jambulani zipangizo zonse monga zimakhalira ekisiperimenti ili m'kati, lembani dzina la chilichonse, kenako lembani ndondomeko pansi pake. Mukamaliza ndi pamene mutsegule marking scheme n'kudzichonga ndi bolopeni yofiira, mopanda chifundo. Chimene mwaphonya, jambulaninso mawa, buku lili chitsekere. Ndikubwereza: buku lili chitsekere. Kukopera chithunzi buku lili pambali ndi kutaya madzulo anu, ngakhale chitakongola chotani.

Tengani ya photosynthesis. Mwana ajambula nyale ndi Elodea mu chubu, n'kukhutira. Nanga madzi osungira kutentha pamodzimodzi ali kuti? Thermometer? Rula yoyezera mtunda wa pakati pa nyale ndi chomera? Sodium hydrogencarbonate adathirirwa chiyani? Mukasuntha nyale muyenera kudikira kaye kuti chomeracho chizolowere musanayambe kuwerenga thovu lotuluka pa mphindi imodzi, ndipo wochonga amafuna mulembe zimenezo. Pa chinthu chilichonse chimene mwajambula dzifunseni kuti chilipo chifukwa chiyani, pakuti funso limakonda kubwera choncho. Pochotsa DNA mu anyezi, bwanji madigiri 60 kwa mphindi 15, bwanji kugaya masekondi atatu okha, bwanji ethanol wozizira kwambiri? Woloweza ndondomeko ngati nyimbo amagwa pomwepa.

Control nayo imaiwalika chaka ndi chaka. Mukalemba za catalase ndi hydrogen peroxide, nenani chimene chili mu chubu chachiwiri, kaya ndi enzyme yowiritsa kapena madzi okha, ndipo nenani zimene zidachitika m'menemo. Pa mitundu, tchulani woyambira ndi wothera. Benedict's ikatenthetsedwa ndi shuga wa glucose imachoka pa blue kupita pa brick-red. Iodine ikakumana ndi starch imasanduka blue-black. Kungolemba kuti "it changed colour" ndi ziro, ndipo musakwiyire wochonga.

Chithunzi chikhale chachikulu, mwina theka la tsamba, mizere yoyera, popanda kupaka mithunzi. Mzere wa dzina muulembe ndi rula, ukhudze ndithu chiwalo chimene mukutchula. Mzere wothera m'malere pakati pa aorta ndi pulmonary artery sukupatsani kanthu, chifukwa wochonga sangakusankhireni. Pensulo ndi yololedwa pa zithunzi ndi magalafu basi. Mayankho ena onse ndi bolopeni yakuda kapena ya buluu, popeza mapepala amajambulidwa kuti achongedwe pa kompyuta. Pensulo yosaoneka bwino ikupwetekani.

A Chemistry, titration: burette ndi pipette mumatsuka ndi madzi a deionised, kenako ndi mankhwala amene alowemo, conical flask ndi madzi okhawo. Werengani pansi pa meniscus diso lili molingana nayo, chotsani fanulo musanayambe, ndipo zotsatira ziwiri zisasiyane kupitirira 0.1 cm³. A Physics, galafu idzaze pepala, mayuniti alembedwe mbali zonse ziwiri, mzere ukhale umodzi wodutsa pakati pa madontho, osati wokhotakhota kulumikiza dontho ndi dontho. Slope muitenge pa mzerewo, osati pa manambala a mu tebulo.

Pali malangizo amene amayenda m'magulu a WhatsApp chaka chilichonse, akuti ekisiperimenti yakutiyakuti idabwera chaka chatha ndiye siibweranso. Palibe lamulo loletsa SEC kuibwereza. Mukajambula ziwiri pa sabata kuyambira mu January, zonse 22 za Biology zitha m'masabata 11, ndipo mutsala ndi April ndi May yense wobwereza zimene bolopeni yofiira idazinga kwambiri.