Phunziro 6: Wodwala Ali ndi Mau pa Chithandizo Chake

Cholinga

Kuti tidziwe kuti kusankha chithandizo cha kuchipatala ndi ntchito ya anthu awiri, dokotala ndi wodwala, ndiponso kuti tiphunzire mafunso amene tingafunse tisanavomere chithandizo.

Mau oyamba

Ambiri a ife tikalowa m'chipinda cha adokotala pakamwa timasiya panja. Timangoti "eya" pa chilichonse, n'kulandira kabuku kathu, n'kutuluka. Tikafika kunyumba atifunse kuti "Akuti mukudwala chiyani?" yankho lake limakhala lakuti "Angondilembera mankhwala." Ena amasayina kapena kudinda chala pa pepala la opaleshoni asakudziwa chimene akawachite. Timatero chifukwa cha ulemu, chifukwa cha mantha, ndiponso chifukwa choona mzere wa anzathu amene akudikira panja. Koma akulu anati safunsa anadya phula. Kwa zaka zoposa 50 anthu ophunzira akhala akufufuza nkhani imeneyi, ndipo zimene apeza zikutikhudza tonse.

1. Madokotala nawo amasiyana maganizo

M'chaka cha 1973 John Wennberg ndi Alan Gittelsohn anafalitsa zimene anapeza m'chigawo cha Vermont ku America. Iwo anawerenga ana amene anachitidwa opaleshoni yochotsa tinyama ta kukhosi totchedwa tonsils. M'dera lina ana oposa 60 pa 100 aliwonse ankachotsedwa tinyamato asanakule, pamene m'madera oyandikana nalo anali pafupifupi 20 okha pa 100. Ana a m'maderawo ankadwala mofanana. Chosiyana chinali chizolowezi cha madokotala a dera lililonse.

Apa tikuphunzirapo kuti pa matenda ambiri njira zochizira zimakhala ziwiri kapena zitatu, ndipo iliyonse ili ndi ubwino wake ndi kuipa kwake. Wodwala akapanda kufunsidwa, chimene chimasankha ndi chizolowezi cha munthu wina, pamene wosenza zotsatira zake ndi mwini thupi.

2. Kugamula pamodzi n'kutani?

M'chaka cha 1997 Cathy Charles, Amiram Gafni ndi Tim Whelan a ku McMaster University ku Canada anafotokoza zinthu zinayi zofunika. Choyamba, pakhale anthu osachepera awiri, dokotala ndi wodwala. Chachiwiri, onse awiri auzane zimene akudziwa. Chachitatu, onse awiri anene njira imene akuikonda ndi kukambirana. Chachinayi, agwirizane chochita.

Dokotala amadziwa matenda, mankhwala ndi ngozi zake. Koma pali zina zimene iye sangazidziwe mukapanda kumuuza. Sadziwa kuti kwanu n'kutali ndipo ndalama yokwerera galimoto mlungu uliwonse mulibe. Sadziwa kuti muli ndi mwana woyamwa, kapena kuti mukagonekedwa mwezi wa Disembala munda ukhala wosapalira. Sadziwa chimene inu mukuchiopa koposa. Nzeru za dokotala pazokha n'zoperewera, ndipo zanunso pazokha n'zoperewera. Mutu umodzi susenza denga.

3. Zimene zimatchinga

M'chaka cha 1984 Howard Beckman ndi Richard Frankel ku America anajambula mau a odwala 74 polankhula ndi madokotala awo. Anapeza kuti kawirikawiri wodwala ankadulidwa mau atangolankhula kwa masekondi 18, ndipo pa odwala anayi aliwonse mmodzi yekha ndiye ankamaliza kufotokoza vuto lake. Ngati zinali choncho m'dziko la madokotala ambiri, kuli bwanji kumene wachipatala mmodzi amaona khamu la anthu tsiku limodzi? Tisafulumire kuwaweruza. M'malo mwake tizipita titakonzeka, ndipo tiziyamba ndi vuto lalikulu.

Chotchinga china ndi manambala. Tiyerekeze kuti mwauzidwa kuti mankhwala ena amachepetsa ngozi ndi theka. Tengani njere 100 za chimanga, iliyonse iimire munthu. Ngati popanda mankhwalawo odwala akanakhala 40, ndiye kuti ndi mankhwalawo adwala 20, ndipo anthu 20 apulumuka. Koma ngati odwala akanakhala awiri okha, ndiye kuti adwala mmodzi, ndipo wopulumuka ndi mmodzi. Ponse pawiri ndi theka, koma phindu lake n'losiyana kwambiri. Ofufuza monga Gerd Gigerenzer wa ku Germany anasonyeza kuti anthu, ngakhale madokotala amene, amamva bwino ngozi ikanenedwa motere: "pa anthu 100 onga inu, angati?"

4. Zida zothandiza kusankha

Pofuna kuthandiza odwala, akatswiri anakonza timabuku, zithunzi ndi makanema ofotokoza njira zonse zochizira matenda ena, ubwino ndi kuipa kwake, ndi mafunso othandiza munthu kudziwa chimene iye akuchiyesa chofunika. Mmodzi mwa oyambitsa ntchitoyi ndi Annette O'Connor, namwino wa ku Ottawa ku Canada.

Bungwe la Cochrane, limene limasonkhanitsa kafukufuku wa zaumoyo, linaunika zidazi. Lipoti lake la 2024, lotsogoleredwa ndi Dawn Stacey, linaphatikiza kafukufuku wosiyanasiyana 209 wokhudza anthu oposa 107,000. Linapeza kuti amene anagwiritsa ntchito zidazi ankadziwa zambiri za matenda awo, ankamvetsa bwino kukula kwa ngozi, ankatenga mbali pa kugamula, ndipo ankasankha zogwirizana ndi zimene amaziyesa zofunika. Panalibe umboni woti zidazi zinawavulaza. Nthawi yokhala ndi dokotala inangowonjezeka ndi mphindi imodzi ndi theka pamene chidacho chinagwiritsidwa ntchito m'chipinda momwemo.

Kafukufuku wambiri mwa ameneyu anachitikira m'maiko olemera. Komabe chida chimodzi chili m'manja mwa aliyense, ngakhale wosadziwa kuwerenga. M'chaka cha 2011 Heather Shepherd ndi anzake ku Australia anatumiza kwa madokotala anthu ophunzitsidwa kudziyesa odwala. Ena anauzidwa kufunsa mafunso atatu, ena ayi. Kwa amene anafunsa, madokotala anapereka uphungu wokwanira bwino ndipo anasamala kwambiri maganizo awo. Mafunsowo ndi awa:

(a) Kodi njira zimene ndingasankhe ndi ziti, kuphatikizapo kuyamba ndadikira?
(b) Kodi njira iliyonse ili ndi ubwino wanji ndi kuipa kwanji?
(c) Kodi ubwino ndi kuipa kumeneku kumagwera anthu angati onga ine?

5. Malamulo akuti chiyani?

M'chaka cha 1999 ku Scotland mayi wina, Nadine Montgomery, anali woyembekezera. Anali wamfupi ndiponso wodwala matenda a shuga, ndipo mwana anali wamkulu. Pa amayi 100 otere, 9 kapena 10 mapewa a mwana amakanirira pobadwa. Iye sanauzidwe za ngoziyi, choncho sanapatsidwe mwayi wosankha kubereka mwa opaleshoni. Mwanayo anakanirira ndipo anabadwa wolumala. M'chaka cha 2015 bwalo lalikulu la ku Britain linagamula kuti dokotala ayenera kuuza wodwala ngozi iliyonse imene munthu wanzeru wokhala m'malo mwake angaiyese yofunika, komanso njira zina zoyenera zimene zilipo.

Chigamulo chimenecho n'cha ku Britain, koma mfundo ya chilolezo si yachilendo kuno kwathu. Malamulo oyendetsera dziko la Malawi a 1994, pa gawo 19, amateteza ulemu wa munthu ndipo amaletsa kuchita kafukufuku wa zachipatala pa munthu popanda chilolezo chake. Katekisimu wa Mpingo wa Katolika wa 1992, pa nambala 2278, pokamba za chithandizo cholemetsa mopitirira muyeso, amaphunzitsa kuti wogamula ndi wodwalayo ngati ali ndi nzeru zake. Ngati sangathe, agamule amene ali ndi udindo pa iye, koma polemekeza zofuna zake zoyenera.

6. Malo a achibale

Kwathu kuno matenda si a munthu mmodzi. Mwamuna, amalume, apongozi ndi wodikirira matenda onse amafuna kuyankhulapo, ndipo n'zabwino ndithu. Wachibale amakumbukira zimene wodwala waiwala, ndipo amafunsa zimene wodwala akuchita nazo manyazi. Vuto limabwera pamene achibale alanda mau. Mayi amachedwa kupita ku opaleshoni podikira kuti bambo abwere. Gogo amabisiridwa dzina la matenda ake, anthu n'kumanong'onezana pakhonde. Munthu wamkulu amene ali ndi nzeru zake, kaya ndi mayi kaya ndi bambo, ayenera kufunsidwa iye mwini. Udindo wa achibale ndi kumuthandiza kuganiza.

7. Tisamve molakwa

Phunziro ili silikutipatsa chilolezo chokana chithandizo mwachisawawa. Mwana akakomoka ndi malungo, kapena mayi akamataya magazi pobereka, si nthawi yokambirana zambiri, achipatala achite msanga. Mankhwala a chifuwa chachikulu a TB ayenera kumwedwa mpaka kumaliza, ndipo ma ARV sasiyidwa chifukwa choti munthu wayamba kupeza bwino. Ngati mankhwala akukuvutitsani, bwererani mukanene kuti muone pamodzi chochita. Komanso wodwala ali ndi ufulu wonena kuti, "Ndamva zonse, tsopano adokotala ndisankhireni inu." Chofunika n'chakuti anene zimenezi atamvetsa.

Zoti tichite

1. Tisanapite kuchipatala tikonzekere zimene tikanene ndi mafunso athu.
2. Tinene zoona, ngakhale za mankhwala azitsamba kapena ogula pagolosale amene tamwa.
3. Tifunse mwaulemu kuti, "Pepani adokotala, mundifotokozerenso m'Chichewa chapafupi."
4. Tisanatuluke tibwereze zimene tamva ndi mau athu, kuti ngati taphonya atikonze.
5. Tisasayine kapena kudinda chala pa pepala limene sanatiwerengere.

Mafunso okambirana mu mphakati

1. N'chiyani chimene chimatitseka pakamwa tikakhala pamaso pa achipatala?
2. Pa banja lathu, mayi kapena gogo akadwala, wogamula amakhala ndani? Kodi wodwalayo amafunsidwa?
3. Anthu awiri achite sewero, wina akhale dokotala wina wodwala, ndipo wodwalayo afunse mafunso atatu aja. Chinavuta n'chiyani?
4. Amene amayendera odwala m'dera lathu angawathandize bwanji kukonzekera ulendo wa kuchipatala?