Bwalo ndi la Tonse, Nanga Ndalama za Wosewera Zimapita Kuti? Mafunso ndi Mayankho kwa Okonda Mpira mu Chipata

Kabuku aka kakonzedwa ndi komiti ya makochi ndi atsogoleri a matimu a achinyamata mu Chipata. Dandaulo limene komitiyi imalandira kawirikawiri ndi limodzi, ngakhale limabwera m'mawu osiyanasiyana: anthu amakhoma misonkho, boma limakonza bwalo, mnyamata amakulira pa bwalolo, koma tsiku limene wagulidwa ndi timu yaikulu ndalama zimathera m'thumba la munthu mmodzi. Mayankho ali m'munsiwa akufotokoza pamene dandaulo limeneli lili loona ndi pamene laphonya.

Kodi bwalo la David Kaunda la mu Chipata ndi la yani?

Ndi bwalo la boma. Palibe mwini timu amene angaliloze n'kunena kuti ndi lake.

Nanga eni matimu akuluakulu mu Zambia ndani?

Ambiri ndi makampani kapena nthambi za boma. ZESCO United ndi ya kampani ya magetsi, Zanaco ndi ya banki, Green Buffaloes ndi ya asilikali, Red Arrows ndi ya asilikali a ndege, ndipo Nkwazi ndi ya apolisi. Palinso matimu a anthu paokha, monga Kafue Celtic ya a Lee Kawanu.

Kodi mwini timu ali ndi ufulu wogulitsa wosewera amene wakulira pa bwalo la boma?

Inde, ali nawo, malinga ngati wosewerayo ali pa kontirakiti ndi timuyo ndipo iye mwini wavomera kusamuka. Chimene chimagulidwa si munthu ayi, koma kumasulidwa kwa kontirakiti imene isanathe. Bwalo limene mnyamata anaphunzirirapo kumenya mpira silitchulidwa m'malamulo a FIFA okhudza kusamuka kwa osewera. Malamulowo amangoona timu imene inamulembetsa.

Kugulitsa wosewera pakokha si kuba. Timu yaing'ono imene ilibe kampani yoithandiza siingalipire kochi, basi yopitira ku Lusaka ndi chakudya cha anyamata ndi ndalama za pageti zokha. Kafue Celtic inatumiza Patson Daka ndi Enock Mwepu ku Red Bull Salzburg ya ku Austria mu 2017, chaka chimene Zambia inatenga chikho cha Africa cha osewera osaposa zaka 20 pogonjetsa Senegal 2-0 pa National Heroes Stadium. Mu 2021 Daka anapita ku Leicester City ndipo Mwepu anapita ku Brighton. Akadakakamizidwa kukhala pakhomo kuti masapota asangalale, anyamata awiriwa akadataya mwayi umene subwera kawiri. Mwepu anasiya mpira mu October 2022 chifukwa cha vuto la mtima, ali ndi zaka 24 zokha. Nthawi ya wosewera ndi yaifupi motero.

Mwana wa kuno akagulidwa kunja, kodi Chipata imapezapo kanthu?

Ingathe kupezapo, koma pokhapokha ngati mapepala alipo. Lamulo la FIFA limati wosewera akagulidwa ndi timu ya dziko lina kontirakiti yake isanathe, 5 peresenti ya mtengo wake igawidwe kwa matimu onse amene anamuphunzitsa kuyambira chaka chimene anakwanitsa zaka 12 mpaka chimene anakwanitsa zaka 23. Manyuzipepala ananena kuti Leicester inalipira pafupifupi mapaundi 23 miliyoni pogula Daka. Ngati zinali choncho, 5 peresenti yake inaposa mapaundi 1 miliyoni, yogawana matimu amene anamulera, Salzburg yomwe ili pomwepo. Kuyambira mu November 2022 FIFA ili ndi ofesi yake ku Paris, yotchedwa FIFA Clearing House, imene imayendetsa malipiro oterewa potsata mbiri ya kalembera wa wosewera.

Apa ndi pamene chigawo cha Kum'mawa chimaluzira. Fashion Sakala ndi mwana wa Chipata, koma dzina lake linamveka ali ku Nchanga Rangers ku Chingola, kenako ku Zanaco. Mu 2017 anapita ku Spartak Moscow, mu 2018 ku Oostende ya ku Belgium, mu 2021 ku Rangers ya ku Scotland, ndipo mu 2023 ku Al-Fayha ya ku Saudi Arabia. Ku Rangers anapita kontirakiti yake itatha, kotero panalibe mtengo wogulira woti n'kuchotsapo 5 peresenti. Ndipo ngakhale mtengo ukhalepo, timu ya kumudzi imene inamuseweretsa mnyamata osamulembetsa ku FAZ, bungwe loyendetsa mpira mu Zambia, siwerengedwa konse. Kochi angathe kumugulira nsapato ndi ndalama za m'thumba mwake kwa zaka zinayi, koma ngati dzina la timu silili m'kaundula, palibe ngwee imene ingafike ku makomboni a Kapata kapena Mchini.

Kodi mwini timu sangathe kudikira kuti boma limumangire bwalo, kenako n'kugulitsa osewera onse abwino?

Zinachitikapo, ndipo amene amaopa zimenezi sakulota. Ku America timu ya baseball ya Miami Marlins inalowa m'bwalo latsopano mu 2012, ndipo gawo lalikulu la ndalama zomangira linachokera ku mzinda wa Miami ndi boma la Miami-Dade. Chaka chomwecho, mu November, mwini timu Jeffrey Loria anatumiza akatswiri ake José Reyes, Mark Buehrle ndi Josh Johnson ku Toronto Blue Jays. Timu imene anagula pa madola 158.5 miliyoni mu 2002 anaigulitsa pa madola 1.2 biliyoni mu 2017. Ngongole ya bwalo inatsalira anthu a ku Miami.

Kufupi kuno, kungodutsa pa Mwami, anzathu a ku Malawi anakangana za nkhani yofanana. Mu 2019 Pulezidenti Peter Mutharika analonjeza kuti boma limangira mabwalo Nyasa Big Bullets ndi Wanderers ku Blantyre. Masapota anavina, koma ena anafunsa chifukwa chimene misonkho iyenera kumangira bwalo timu imene mwini wake ndi kampani ya fodya, Nyasa Manufacturing Company. Ntchitoyo inatenga zaka isanathe.

Nayonso timu imatha kusamuka. Malo a mu Super League amene AM Welding ya ku Choma inapeza anagulidwa, timu inakhala Buildcon, ndipo inakakhazikika ku Ndola. Tsiku limene timu ya Chipata idzakhale ndi malo otere, wogula angathe kubwera chimodzimodzi.

Kodi bwalo latsopano lingadye ndalama zingati?

Zimadalira kukula kwake, malo ndi mtengo wa dola pa nthawiyo, ndipo komitiyi siikufuna kulonjeza chiwerengero. National Heroes Stadium, yotsegulidwa mu 2014 ndipo imalowa anthu pafupifupi 60,000, akuti inadya madola pafupifupi 94 miliyoni a ngongole yochokera ku China. Levy Mwanawasa Stadium ya ku Ndola inatsegulidwa mu 2012. Chipata siifunika bwalo lalikulu chotero. Komabe ngakhale laling'ono limafuna madzi othirira kapinga m'chilimwe, magetsi, alonda ndi zimbudzi zogwira ntchito chaka chilichonse, ndipo ndalama za pageti nthawi zambiri sizikwanira zonsezi. Ndalama za CDF, zothandizira chitukuko m'dera la phungu aliyense, zinakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni mu 2022, koma zimalimbiranidwa ndi makalasi, zipatala za amayi oyembekezera ndi mijigo.

Komabe, ngati misonkho ndiyo imasamalira bwalo, bwanji khonsolo isalandire gawo wosewera akagulitsidwa?

Funsoli labwera kangapo, ndipo yankho lake silikondweretsa. Kuyambira mu 2015 FIFA inaletsa kuti munthu kapena bungwe limene si timu ya wosewerayo likhale ndi gawo pa mtengo wake wam'tsogolo. Khonsolo ingalandire kudzera mwa timu yakeyake ngati timuyo ndi imene inamulembetsa, koma osati chifukwa choti ndi yosunga bwalo.

Chimene boma kapena khonsolo ingachite ndi kulemba pangano lomveka ndi timu iliyonse yogwiritsa ntchito bwalo: lendi, gawo la ndalama za pageti, masiku amene masukulu ndi matimu a atsikana azisewerapo, komanso chindapusa ngati timuyo yasamukira kwina zaka zimene anagwirizana zisanathe. Komitiyi ikuona kuti ndalama za anthu zisamalowe m'bwalo lililonse popanda pangano lotere, ndipo panganolo liziwerengedwa poyera pa msonkhano wa makhansala.

Ndiye kuti mwini timu akhoza kudya ndalama zonse yekha, anthu osapezapo kalikonse?

Ngati timuyo ndi yakeyake ndipo palibe pangano lililonse, n'zotheka. Ngati ndi ya mamembala, iwo ali ndi ufulu wofunsa lipoti la ndalama pa msonkhano wapachaka. Masapota ambiri amangochemerera Loweruka koma salembetsa umembala, choncho pa tsiku lofunsa alibe mawu.

Nanga makolo achite chiyani munthu akabwera kunena kuti atengera mwana wawo ku Ulaya?

FIFA imaletsa kusamutsira kunja wosewera wosakwana zaka 18, kupatula pa zifukwa zochepa zolembedwa m'malamulo. Amene akupempha ndalama za viza ndi ndege kwa makolo akaikiridwe. Makolo afunse chiphaso chake cha FIFA, asasainire pepala limene sanalimvetse, ndipo akatsimikize ku ofesi ya FAZ ya chigawo. Makochi nawo, kuyambira mu Chipata mpaka ku Katete, Chadiza ndi Lundazi, akupemphedwa kulembetsa timu yawo ndi mwana aliyense wa zaka 12 kupita m'tsogolo ligi isanayambe.