Mutu wobwera mwadzidzidzi

Kalata yathu lero yachokera ku Chitakale, ku Mulanje. Mayi, pepani kwambiri ndi zomwe zidagwera achimwene anu. Mwati ali mkati mothyola tiyi adangogwira mutu n'kukuwa, khosi gwa, kusanza, kenaka kukomoka. Ndiye mukufunsa: bwanji osawabaya jakisoni wa tranexamic acid, uja amabaya amayi akataya magazi ambiri pobereka?

Funso lanu ndi lomveka. Mankhwalawa amathandiza kuti magazi amene aundana pabala asasungunuke, ndipo amayi ambiri apulumukiradi pamenepo. Koma mtsempha wotupa ukaphulika mu ubongo, monga zikuoneka kuti zidachitikira achimwene anu, nkhani imasintha. Ku Netherlands adachita kafukufuku wotchedwa ULTRA pa odwala 955, theka n'kulandira mankhwalawa. Patatha miyezi 6, olandirawo sadapeze bwino kuposa anzawo. Chofunika ndi kujambula mutu mwachangu n'kutseka pophulikapo, ntchito ya madokotala a opaleshoni ya ubongo ngati a ku Queen Elizabeth ku Blantyre.

Omvera, mutu ukakuwazani mwadzidzidzi ngati mwatemedwa ndi nkhwangwa, musamwe aspirin, musadikire kuti kuche. Pitani kuchipatala nthawi yomweyo. Ndipo kayezetseni BP.