Kodi mafumu a ku Dowa anali ndi nyumba zachifumu?

Funso: M'buku la mbiri ndaona chithunzi cha nyumba ya banja la Medici ku Florence. Kodi mafumu a kuno kwathu anamangapo yotere? Mphunzitsi, Mponela.

Yankho: Ayi aphunzitsi, koma musawaderere. Palazzo Medici inayamba kumangidwa mu 1444, mmisiri wake ali Michelozzo, mwini wake Cosimo de' Medici. Ndi yosanjikiza katatu: pansi anaikapo miyala ikuluikulu yosasalaza kuti odutsa aope, pamwamba yosalala, pakati n'kusiya bwalo. Chuma chawo chinali cha banki, n'chifukwa anachionetsa pakhoma.

Inkosi Chiwere, mfumu ya Angoni m'mapiri a Dowa, chuma chake chinali ng'ombe ndi anthu. Pakati pa mudzi wa Chingoni pankakhala khola, nyumba zozungulira zofolera udzu zitalizinga. Ulemu wa mfumu unkaoneka pa kukula kwa kholalo. Nyumbazo sizinkakhalitsa chifukwa zinali za mitengo ndi dothi, paja chiswe sichizisiya.

Kuno kumanga ndi njerwa kunafala ndi amishoni a Dutch Reformed, amene Chiwere anawalandira ku Mvera mu 1889. Tengani ana anu akaone nyumba zakale za mishoniyo.